Kulowa mu rauta muli kutali: kukhazikitsa SSH popanda kudzitsekera kunja

Rauta ya ofesi ya ku Mzuzu ikafuna kusinthidwa pang'ono inu muli ku Lilongwe, sipafunika kukwera basi. Mumangotsegula laputopu, kulemba adiresi ya rautayo, n'kumaipatsa makomandi ngati mwaima pambali pake. Vuto ndi lakuti pomwe mukulowera inupo, wina aliyense amene angapafikire akhoza kuyesanso mwayi wake, ndipo komandi imodzi yolembedwa mopupuluma ikhoza kukutsekerani kunja eniakenu, n'kukukwezani basi yomwe mumaithawayo. Malangizo awa ndi okhazikitsa SSH, njira yolowera mu rauta muli kutali zonse zomwe mukulemba zili zobisika. Ndi a marauta a Cisco oyendera IOS, pulogalamu yoyendetsa marautawo, ndipo kumapeto ndanenapo za marauta a MikroTik. Ndondomeko yake ndi yofunika kuposa makomandi enieniwo, choncho musadumphe sitepe ngakhale ikuoneka yachibwana.

1. Yambani ndi chingwe m'manja

Rauta yatsopano sidziwa munthu ndipo ilibe adiresi. Kulowa koyamba kumachitika ndi chingwe cha console, chija chophwatalala chabuluu, kapena cha USB pa marauta atsopano. Pa kompyuta tsegulani pulogalamu ya PuTTY, sankhani Serial, lembani nambala ya COM yomwe kompyuta yapereka ku chingwecho, ndipo liwiro likhale 9600, data bits 8, parity ikhale none, stop bit 1. Mukaona zilembo zosokonekera zosawerengeka, kawirikawiri ndi liwiro lomwe lalakwika. Mukaona mdima wokhawokha, dinani Enter kaye musanayambe kukayikira chingwe.

Mukalowa, lembani `show version` ndipo muyang'ane dzina la fayilo ya IOS. Ngati mulibe zilembo zoti k9, ndiye kuti IOS imeneyo ilibe luso lobisa mauthenga ndipo SSH sidzagwira, kaya muilimbane bwanji. Pamenepo pakufunika IOS ina kaye.

2. Mvetsani chifukwa chosiyira Telnet

Telnet, njira yakale yolowera m'makina muli kutali, ndi ya mu 1969, nthawi yomwe makompyuta olumikizana anali owerengeka ndipo owagwiritsa ntchito ankadziwana. Imayenda pa port 23 (port ndi nambala ya khomo lolowera m'makina pa netiweki), ndipo chilichonse chomwe mwalemba, pasiwedi yomwe, chimadutsa pa netiweki poyera. Munthu wokhala ndi pulogalamu yaulere ya Wireshark, ngati ali pamalo pomwe mauthenga anu akudutsa, amawerenga pasiwediyo chilembo ndi chilembo.

Zoterezi ndi zomwe zinabala SSH. Mu 1995, mapasiwedi ataberedwa motere pa netiweki ya Helsinki University of Technology ku Finland, Tatu Ylönen analemba pulogalamu yobisa zonse zodutsa pakati pa munthu ndi makina, ndipo inapatsidwa port 22. Mtundu wake woyamba unapezeka ndi mabowo. Wachiwiri, womwe unakhazikitsidwa mu 2006, ndi umene tikuufuna pano.

Alipo amene amati Telnet ilibe vuto bola ikhale ya mkati mwa ofesi. Ine sindigwirizana nazo. Mkati mwa ofesi ndi momwe muli laputopu ya mlendo, foni ya mwana wa bwana, ndi kompyuta ya ku akaunti yomwe inagwidwa vairasi kalekale koma palibe akudziwa. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inagwira makamera ndi marauta zikwi mazanamazana pongogogoda pa port 23 ndi 2323, ikuyesa mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 okha. Mu Okutobala chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinagwetsa maseva a kampani ya Dyn, yomwe inkathandiza makompyuta kupeza maadiresi a mawebusayiti, ndipo anthu ambiri ku America ndi ku Ulaya analephera kutsegula Twitter ndi Netflix kwa maola angapo.

3. Ipatseni dzina ndi kiyi

SSH imafuna kuti rauta ikhale ndi kiyi yakeyake, ndipo kiyiyo imatchulidwa potengera dzina la rauta ndi domain yake. Mukasiya dzina la kufakitale loti Router, komandi yopangira kiyi idzakana.

```
enable
configure terminal
hostname MZUZU-R1
ip domain-name ofesi.example
no ip domain-lookup
crypto key generate rsa modulus 2048
ip ssh version 2
ip ssh time-out 60
ip ssh authentication-retries 3
```

Pa IOS XE, mtundu watsopano wa IOS, `ip domain name` ndi `no ip domain lookup` zimalembedwa popanda kamzere pakati. Pa IOS yakale, SSH yachiwiri imalola kiyi yoyambira pa mabiti 768, koma musatsike pansi pa 2048. Rauta yakale ikhoza kukhala phee kwa kanthawi ikupanga kiyiyo, ilekeni imalize.

Mzere wa `no ip domain-lookup` si wa chitetezo, ndi wongoteteza mtima wanu. Popanda iwo, mukalakwitsa kalembedwe ka komandi, rauta imaganiza kuti mwalemba dzina la makina ena ndipo imayamba kuwafunafuna inu mukungoyang'ana. Zikachitika, Ctrl, Shift ndi 6 pamodzi zimaidula.

4. Munthu aliyense dzina lake

Musagwiritse pasiwedi imodzi ofesi yonse. Tsiku lomwe wina adzasiye ntchito mokwiya, mudzafuna kuchotsa iye yekha, ndipo zinthu zikasokonekera mudzafuna kudziwa amene analowa komaliza.

```
username chikondi privilege 15 algorithm-type scrypt secret MawuAtaliOvutaKulota
enable algorithm-type scrypt secret MawuEnaOsiyanaNdiAja
service password-encryption
```

Onetsetsani mawu oti `secret`. Mukalemba `password` m'malo mwake, pasiwedi imasungidwa poyera mu config, fayilo ya makonzedwe a rauta, ndipo `service password-encryption` imangoiphimba ndi njira yotchedwa type 7, yomwe mawebusayiti ambirimbiri amaimasula m'kuphethira kwa diso. Ntchito yake ndi yongoletsa woyang'ana kumbuyo kwanu kuti asawerenge pa sikirini, basi. Ngati IOS yanu ndi yakale ndipo ikukana `algorithm-type scrypt`, lembani `secret` yekha. Idzasunga ndi MD5, yomwe ndi yofooka poyerekeza ndi scrypt, choncho pasiwedi italike.

5. Mizere ya vty, pomwe pali malire enieni

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, ndiye tikhalepo pang'ono. Munthu aliyense wolowa mu rauta kudzera pa netiweki amatenga mzere umodzi wotchedwa vty. Mizereyi ndi yowerengeka. Marauta ambiri amabwera ndi isanu, kuyambira 0 mpaka 4, pomwe maswitchi ndi marauta ena ali ndi 16, kuyambira 0 mpaka 15. Yonse ikadzaza, wobwera pambuyo amakanidwa, ngakhale akhale mwini rauta, ngakhale pasiwedi yake ikhale yolondola.

Onani kaye kuti yanu ili ndi ingati:

```
show running-config | section line vty
```

Mukaona magulu awiri, `line vty 0 4` ndi `line vty 5 15`, konzani onse awiri. Malangizo ambiri a pa intaneti amangotchula gulu loyambalo, munthu n'kukopera, osadziwa kuti mizere khumi ndi umodzi yatsala ndi makonzedwe akale, mwina ikulolabe Telnet.

```
line vty 0 4
 login local
 transport input ssh
 transport output none
 exec-timeout 10 0
 logging synchronous
exit
service tcp-keepalives-in
```

`login local` ikuuza rauta kuti ifunse dzina ndi pasiwedi zomwe mwapanga pa sitepe 4. `transport input ssh` ndiyo ikutseka Telnet. `transport output none` ikuletsa munthu wolowa mu rauta iyi kudumphira m'makina ena kuchokera momwemo. Ngati ntchito yanu imafuna kudumpha kotero, lembani `ssh` m'malo mwa `none`.

Mizere iwiri ya `exec-timeout` ndi `tcp-keepalives-in` ikulimbana ndi vuto limodzi. Mukalowa mu rauta kenako netiweki n'kuduka, kapena magetsi n'kuthima, kapena mwangotseka laputopu osalemba `exit`, rauta sidziwa kuti mwapita. Mzere wanu umakhalabe wogwidwa, ngati ndowa yosiyidwa pamzere pa mjigo mwini wake atapita kukaphika. Netiweki ikamadukaduka n'kulowanso kasanu, ndowa zonse zisanu ndi zanu ndipo simungatungenso. `exec-timeout 10 0` imachotsa aliyense amene wakhala mphindi khumi osalemba kanthu, pomwe `service tcp-keepalives-in` imachititsa rauta kufunsafunsa ngati wa kutsidyayo alipobe, n'kumasula mzere akapanda kuyankha. Ena amalemba `exec-timeout 0 0` chifukwa chotopa ndi kulowanso. Imeneyo imatanthauza kuti asachotsedwe mpaka kalekale, ndipo pa rauta yakutali musaiyese.

Kuti muone amene ali mkati, lembani `show users`. Mzere wokhala ndi kanyenyezi ndi wanu. Wina womwe wagona mumauchotsa ndi `clear line vty 2`, kutengera nambala yake.

Pali kanzeru kena kakale koma kothandiza. Rauta imagawa mizere motsatana kuyambira pa 0, ndiye wotsiriza umafikidwa pokhapokha enawo atadzaza. Mutha kuusunga kuti ukhale wa kompyuta imodzi yokha, yanu, pouikira malire okhwima kuposa enawo. Tiona pa sitepe yotsatirayi.

6. Musanaike malire, dzisungireni pobwerera

Tsopano tikufuna kuuza rauta maadiresi ololedwa kulowa. Ngati mukuchita izi muli kutali, chitani zinthu zitatu izi kaye. Sungani zomwe mwachita kale ndi `copy running-config startup-config`, chifukwa ngakhale kiyi ija ya RSA imatayika rauta ikazima musanasunge. Kenako tsegulani windo lachiwiri ndi kuyesa SSH kuti muone kuti ikugwiradi. Pomaliza lembani:

```
reload in 15
```

Mwaiuza rauta kuti izime ndi kuyakanso pakatha mphindi 15. Ikadzayaka idzabwerera ku config yosungidwa ija, yopanda zomwe mukufuna kuyesazi. Mukadzitsekera kunja, mungodikira kotala la ola n'kulowanso. Zonse zikayenda bwino, mulemba `reload cancel` kenako n'kusunga. Musasunge musanayese, apo ayi mwasunga cholakwika chomwecho ndipo kuzimako sikukuthandizani. Kumbukiraninso kuti rauta ikazimadi, ofesi yonse ikhala opanda intaneti kwa mphindi zingapo, choncho ntchito iyi ndi ya madzulo anthu ataweruka, osati ya kumapeto kwa mwezi a ku akaunti akutumiza malipiro.

Tsopano malirewo:

```
access-list 10 permit 192.168.10.0 0.0.0.255
access-list 10 deny any log
access-list 11 permit host 192.168.10.5
line vty 0 3
 access-class 10 in
line vty 4
 access-class 11 in
```

Mizere inayi yoyamba ya vty, 0 mpaka 3, ikulola makompyuta a netiweki ya oyang'anira, ndipo wachisanu ukudikira kompyuta ya 192.168.10.5 yokha. Ikani maadiresi anuanu. Chenjerani ndi `0.0.0.255`. Iyi si subnet mask yomwe munazolowera, ndi yotembenuza yake. Mukalemba 255.255.255.0 mwachizolowezi, rauta siidzadandaula, koma idzamva kuti ilole maadiresi othera ndi ziro okha, ndipo inu simuli m'gulu limenelo.

`access-class` imayang'ana olowa kumene, siichotsa amene ali kale mkati. Ndiye musatseke windo lomwe mukugwiriramo ntchito. Tsegulani lina, yesani kulowa, ndipo mukakanidwa konzani kudzera mu loyamba lija.

7. Olota mapasiwedi

```
login block-for 300 attempts 4 within 120
login quiet-mode access-class 11
login on-failure log
login on-success log
```

Wina akalakwitsa pasiwedi kanayi m'mphindi ziwiri, rauta ikana kulowa kulikonse kwa mphindi zisanu. Kulikonse ndithu, ndi inu nomwe, ndipo n'chifukwa chake mzere wachiwiriwo ulipo, wolola kompyuta ya pa `access-list 11` kumalowabe. Popanda iwo, munthu wa njiru akhoza kukutsekerani kunja tsiku lonse pongolakwitsa dala mobwerezabwereza.

Mauthenga a olowa ndi olephera akhale ndi nthawi yoona, apo ayi alibe ntchito. Marauta ena amaiwala nthawi magetsi akathima, choncho ikani `clock timezone CAT 2 0` ndi `ntp server` yotsatiridwa ndi adiresi ya seva ya nthawi. Ngati muli ndi kompyuta yosungira mauthengawa, ilozeni ndi `logging host`, poti omwe ali m'rauta momwemo amafufutika ikazima. Muli pa SSH simuona mauthengawa akamachitika pokhapokha mutalemba `terminal monitor`.

Tsekaninso tsamba la webu la rautayo ngati simuligwiritsa ntchito, ndi `no ip http server` komanso `no ip http secure-server`. Mu Okutobala 2023, bowo la pa tsamba limeneli mu IOS XE, lodziwika ndi nambala ya CVE-2023-20198, linalola anthu kudzipangira akaunti ya mphamvu zonse popanda pasiwedi, ndipo zipangizo zikwi makumi angapo zinagwidwa m'masiku ochepa. SSH yokonzedwa bwino sinathandize aliyense amene anasiya tsambalo poyera pa intaneti.

8. Kulowa kwenikweni, ndi zokana zake

Pa Linux, macOS, ndi Windows 10 kuyambira 2018, tsegulani terminal n'kulemba `ssh chikondi@192.168.10.1`. Ulendo woyamba kompyuta idzakuonetsani chidindo cha kiyi ya rauta ndi kufunsa ngati mukuikhulupirira. Mukavomera imachisunga. Tsiku lina mukadzaona chenjezo la zilembo zikuluzikulu loti REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED, imani kaye. Ngati mukudziwa kuti rauta yasinthidwa kapena kiyi yapangidwanso, fufutani chidindo chakale ndi `ssh-keygen -R 192.168.10.1`. Ngati palibe amene wasintha kanthu, musalembe pasiwedi, chifukwa mwina wina waima pakati panu ndi rautayo.

Chokhumudwitsa chofala ndi rauta yakale ndi laputopu yatsopano. Mumalandira uthenga woti no matching key exchange method found, kapena no matching host key type found. Si pasiwedi yalakwika. OpenSSH, pulogalamu ya SSH ya pa laputopu yanu, inasiya kulola njira zina zakale zobisira mauthenga, imodzi mu 2015 ndi ina mu 2021, pomwe IOS yakaleyo ndi zokhazo zomwe imadziwa. Mutha kulowa motere:

```
ssh -oKexAlgorithms=+diffie-hellman-group14-sha1 -oHostKeyAlgorithms=+ssh-rsa chikondi@192.168.10.1
```

Chitani izi pa rauta imeneyo yokha, musazipange kukhala lamulo la laputopu yonse. Ndipo musabwerere ku Telnet chifukwa cha uthengawu, monga ena amachitira akatopa. SSH yakale ndi yabwinobe kuposa pasiwedi yoyenda poyera. Mankhwala enieni ndi kukweza IOS, kapena kuuza abwana kuti rautayo yakalamba.

Mukazolowera, siyani pasiwedi muyambe kulowa ndi kiyi. Pangani kiyi pa laputopu ndi `ssh-keygen -t rsa -b 4096`, kenako pa rauta lembani `ip ssh pubkey-chain`, `username chikondi`, `key-string`, n'kumata mbali ya kiyi yothera ndi .pub. IOS silandira mzere wautali chonchi nthawi imodzi, ndiye uduleni m'zidutswa kaye ndi `fold -b -w 72`. Mbali inayo, yachinsinsi, isachoke pa laputopu ndipo ikhale ndi pasiwedi yakeyake.

9. Kulowa kuchokera kunja kwa ofesi

Chiyeso chimakhala chotsegula port 22 ku intaneti yonse kuti muzilowa muli kunyumba. Musatero. Adiresi iliyonse yoonekera pa intaneti imafufuzidwa usana ndi usiku ndi makina ongoyendayenda, ndipo webusayiti ngati Shodan imasunga ndandanda ya zomwe zapezeka zotsegula. Kusamutsira SSH ku port ina monga 2222 kumachepetsa phokoso m'malogi, koma wofunadi amaipeza m'mphindi zochepa. Njira yabwino ndi VPN, msewu wobisika wodutsa pa intaneti: mumalowa kaye mu netiweki ya ofesi, kulandira adiresi ya mkati yomwe `access-list 10` ikuilola, kenako SSH.

Malire ena si a rauta konse. Ngati ofesi imalandira intaneti kudzera pa SIM kadi kapena pa kontrakiti wamba, mwina ilibe adiresi yakeyake yoonekera kunja. Yang'anani adiresi ya mbali ya WAN, yomwe rauta imalumikizira ku intaneti. Ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena ikayamba ndi 10, ndiye kuti mukugawana adiresi imodzi ndi makasitomala ena ambiri, ndipo palibe komandi yomwe ingakulowetseni kuchokera kunja. Pamenepo pemphani adiresi yokhazikika kwa okugulitsani intaneti, kapena konzani kuti rauta ya kunthambi ndiyo iziyambitsa VPN kupita ku likulu, inu n'kumadutsa mumsewu umenewo.

Ndipo SSH yonseyi imadalira kuti rauta ili moyo ndipo intaneti yake ikuyenda. Ikalephera kuyaka bwino kapena mzere wa kunja ukaduka, chotsala ndi console. Siyani chingwe chake m'kabati ya rauta, ndipo pakhale munthu mmodzi kunthambiko wodziwa pochilowetsa, kuti adzalumikize laputopu yake ku hotspot ya foni inu n'kugwira ntchito kudzera pa sikirini yake. Consoleyo ikhalenso ndi `login local` ndi `exec-timeout 5 0` pansi pa `line con 0`. Kabatiyo izikiyidwa, chifukwa munthu wogwira rauta ndi manja akhoza kuizimitsa, kuiyatsa, kusintha config register kukhala 0x2142, n'kudumpha mapasiwedi onse omwe mwavutikira. Njira imeneyi ndi yolembedwa poyera m'mabuku a Cisco eniake.

10. Ngati yanu ndi MikroTik

Maganizo ndi omwewo, makomandi ndiwo osiyana. Kampaniyi ndi ya ku Latvia, ndipo marauta ake akale ankabwera ndi dzina loti admin lopanda pasiwedi. Pangani dzina lanu la gulu la full, lowani nalo, n'kuchotsa admin. Kenako:

```
/ip service disable telnet,ftp,www,api,api-ssl
/ip service set ssh address=192.168.10.0/24
/ip service set winbox address=192.168.10.0/24
/ip ssh set strong-crypto=yes
```

Musaiwale mzere wa Winbox, pulogalamu ya MikroTik yokonzera rauta, poti ambiri ndi momwe amalowera, pa port 8291. Mu 2018 bowo la mu Winbox, CVE-2018-14847, linkalola munthu kuwerenga fayilo ya mapasiwedi asanalowe n'komwe. MikroTik inalitseka mu Epulo chaka chomwecho, koma miyezi ingapo pambuyo pake marauta oposa 200,000, ambiri a ku Brazil, anapezeka akugwiritsidwa ntchito yokumba ndalama za pa intaneti chifukwa eniake sanakweze RouterOS, pulogalamu yoyendetsa marautawo. Ngati yanu inakhalapo pa intaneti ili ndi RouterOS ya nthawi imeneyo isanakonzedwe, kukweza kokha sikokwanira, sinthaninso mapasiwedi.

M'malo mwa `reload in`, MikroTik ili ndi Safe Mode. Dinani Ctrl ndi X mu terminal, kapena batani la Safe Mode pamwamba pa Winbox, musanasinthe kanthu. Kulumikizana kukaduka muli mu Safe Mode, rauta imabweza yokha zonse zomwe mwasintha pakapita mphindi zingapo. Mukakhutira, dinaninso Ctrl ndi X kuti zikhazikike. Imakumbukira zosintha zowerengeka zokha, ndiye muzituluka ndi kulowanso pakatha kagawo kalikonse ka ntchito. Kumbali ya VPN, RouterOS 7 ili ndi VPN yotchedwa WireGuard mkati mwake, ndipo rauta ya kunthambi yomwe ili kuseri kwa adiresi yogawana ikhoza kuyambitsa kulumikizana kupita ku likulu, bola muikepo `persistent-keepalive` ya masekondi 25 kuti msewuwo usatsekeke pomwe palibe akudutsa.